Mbale Yoyezera Nyimbo

Aliyense amene adatumidwapo kumsika kukagula nyemba amadziwa kuti malonda sayambira pa ndalama, amayambira pa mbale yoyezera. Mbale ziwiri zikhoza kufanana kukamwa, pamene ina idakhomedwa kunsi kuti izidzaza msanga. Wogula wosadziwa amangoyang'ana mulu umene watumphuka pamwamba, nachoka akumwetulira, osafunsako za kuya kwa mbaleyo. Mawu omwewa akuti mbale ndiwo amatchulanso chinthu chakuda chozungulira chija chimene chinkaikidwa pa galamafoni kuti chitulutse nyimbo. Mwina zidangochitika mwamwayi, komabe n'zoyenerana, pakuti nyimbo nazonso zili ndi mbale yake yoyezera, ndipo pali dzanja limene limaigwira.

Mbale yotchuka kwambiri yoyezera nyimbo ili ku America. Kumeneko kuli magazini yotchedwa Billboard, imene kuyambira pa 4 Ogasiti 1958 yakhala ikusindikiza mlungu uliwonse mndandanda wa nyimbo 100 zimene akuti ndizo zikukondedwa koposa m'dzikomo. Mndandandawo dzina lake ndi Hot 100. M'zaka za m'ma 1980 nyimbo inkalowa cha kumunsi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo ikafika pa nambala 1 woimba wake ankakhala ngati walongedwa ufumu, ngakhale ufumuwo nthawi zambiri sunkatha mwezi. Kawerengedwe kake kadali kotere: antchito a magaziniyo ankaimbira lamya eni masitolo ogulitsa mbale ndi makaseti, ndiponso akuluakulu a nyumba zoulutsira mawu, kuwafunsa nyimbo zimene zayenda bwino mlunguwo. Mayankhowo ankawasonkhanitsa, kuwapatsa malikisi, ndi kutulutsa mndandanda. Palibe amene ankawerenga mbale imodziimodzi imene yagulidwa. Zonse zidagona pa mawu a munthu woyankha lamya.

Kutali ndi kumeneko, m'boma lina la chigawo cha pakati m'Malawi, muli aphunzitsi ena a masamu amene tsopano adapuma pa ntchito. Iwo adalowa Fomu 1 m'chaka cha 1980 pa sukulu yogonera komweko, ndipo kuyambira pamenepo mpaka atayamba uphunzitsi ankasunga makope amene anzawo ankawaseka nawo. Pa tsamba la kumanzere ankalembapo nyimbo zimene zidali pamwamba ku America, monga momwe ankatolera kwa oulutsa mawu a wayilesi zakunja, BBC ndi Voice of America, ndi m'magazini akale amene ankafika atachedwa miyezi ingapo. Pa tsamba la kumanja ankalembapo nyimbo zimene zinkavinidwa ku holo ya sukulu Loweruka usiku, zimene zinkamveka pa MBC, ndi zimene zinkalira m'magolosale ndi m'malo omwera mowa pa tauni yapafupi. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu ya usiku wina umodzi. Mayina ambiri adalembedwa monga adamvekera m'khutu, popeza mawu ochokera kutali chotero ankabwera ndi kupita ngati mafunde a panyanja.

Wina akhoza kufunsa kuti mnyamata wa kumudzi ankavutikiranji ndi mpikisano wa eni ake. Yankho lina ndi lakuti ankangokonda manambala. Koma palinso lina. M'dziko limene chipani chidali chimodzi kuyambira 1966, mtsogoleri ali wamuyaya kuyambira 1971, padali kukoma kwina kwake poona mpando umene wokhalapo amasintha mlungu ndi mlungu, wogwayo osamangidwa, wokwerayo osaimbiridwa nyimbo zomutama ndi anthu otengedwa pa malole. Mnyamatayo ankakhulupirira kuti kumeneko anthu wamba ndiwo amasankha, ndipo zimene asankha ndizo zimalembedwa. Makope ake alipobe. Munthu akawatsegula lero, patapita zaka zoposa 40, chimene chimayamba kuoneka ndi chakuti masamba awiriwo sagwirizana kawirikawiri.

Zaka khumizo zidayamba mwakachetechete. Chamba cha disiko, chimene chidalamulira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, chidagwa mwadzidzidzi. Pa 12 Julaye 1979, m'bwalo la masewero la Comiskey Park mu mzinda wa Chicago, khamu la achinyamata lidasonkhana kudzaonerera mulu wa mbale za disiko ukuphulitsidwa, ndipo chipwirikiti chidakula mpaka masewero achiwiri a tsikulo adalephereka. Ambiri mwa oimba disiko adali anthu akuda ndi amayi, ndipo nyumba zambiri zoulutsira mawu zitachiopa chambacho, zidayamba kuzengereza kuulutsa nyimbo zovinika za anthu akuda. Malo otsalawo adadzazidwa kwambiri ndi nyimbo zofatsa za chikondi. Kenny Rogers adakhala pamwamba milungu 6 mu 1980 ndi "Lady", ndipo Diana Ross ndi Lionel Richie adakhalapo milungu 9 mu 1981 ndi "Endless Love".

Pa nthawi imeneyi masamba awiri aja adayandikana kusiyana ndi nthawi ina iliyonse, chifukwa Amalawi adali atazolowera kale nyimbo za chamba cha country, zoimbidwa modekha ndi gitala, zonena za kusiyidwa, za kwawo ndi za Mulungu. Kenny Rogers ndi Dolly Parton akupezeka mbali zonse ziwiri. Koma dzina limene likubwerezedwa kwambiri pa tsamba la kumanja ndi la Don Williams, munthu wa mawu akuya amene ankaimba ngati akucheza pakhonde madzulo. Pa Hot 100 munthu ameneyu adalowa m'gulu la nyimbo 40 zapamwamba kamodzi kokha, mu 1980, pamene "I Believe in You" idafika pa nambala 24. Wongowerenga mndandandawo akhoza kumuyesa woimba wamba. Komatu pa mndandanda wina wapadera wa nyimbo za country adakhala pa nambala 1 maulendo 17, ndipo atabwera kudzaimba ku Harare mu 1997 adalandiridwa ngati m'bale wochokera ku ulendo wautali.

Kusintha kwakukulu kudadza pa 1 Ogasiti 1981, pamene ku America kudatsegulidwa wayilesi yakanema yotchedwa MTV, imene ntchito yake idali kuonetsa timakanema ta nyimbo usana ndi usiku. Kanema woyamba kuonetsedwa adali wa gulu la ku Britain lotchedwa The Buggles, ndipo mutu wa nyimboyo, "Video Killed the Radio Star", umanena kuti kanema wapha katswiri wa pa wayilesi. Kuyambira pamenepo diso lidayamba kulamulira khutu. Magulu a ku Britain, amene adali atazolowera kale kujambula timakanema totere, adapeza khomo lili pululu, nalowa mwaunyinji. The Human League idafika pamwamba mu 1982, Eurythmics mu 1983, Culture Club kumayambiriro kwa 1984, Duran Duran m'kati mwa chaka chomwecho. Kumapeto kwa 1984 Madonna, mayi wa ku America komweko amene ankadziwa bwino kugwiritsa ntchito kamera, adatenga mpandowo, ndipo pofika 1989 adali ataukhalapo maulendo 7. Woimba tsopano adayenera kukhala ndi nkhope, tsitsi ndi zovala zokopa maso. Amene adali ndi mawu okha adayamba kutsalira.

Apa pali chinthu chimene wophunzira wa masiku ano sangachimvetse msanga. M'Malawi mudalibe wayilesi yakanema mpaka chaka cha 1999. Wayilesi ya m'dziko idali imodzi yokha, MBC, ndipo nyimbo, mabuku ndi mafilimu zinkadutsa m'manja mwa bungwe lounika la boma limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Izi zidatha pamene ndale zinkasintha, cha m'ma 1993. Motero anyamata a ku holo ya sukulu ankayesa ndi khutu nyimbo zimene zidakwera mndandanda chifukwa cha diso. Zina zinkakhoza mayeso amenewa, zina zinkalephera. Pafupi ndi dzina la Boy George, mtsogoleri wa Culture Club, m'kope muli chizindikiro cha funso, chifukwa chithunzi chake chitapezeka m'magazini kalasi yonse idakangana mlungu wathunthu ngati adali mwamuna kapena mkazi. Nyimbo yakeyo idavinidwa teremu imodzi, basi.

Amene adakhoza mayeso onse awiri, a diso ndi a khutu, ndi Michael Jackson. Chimbale chake cha Thriller, chimene adachikonza ndi Quincy Jones, chidatuluka kumapeto kwa Novembala 1982. Chidakhala pamwamba pa mndandanda wa zimbale milungu 37, ndipo nyimbo 7 mwa nyimbo 9 za m'menemo zidalowa m'gulu la khumi zapamwamba. "Billie Jean" yokha idagwira nambala 1 milungu 7. Chimene manambalawa sanena ndi chakuti mpaka kumayambiriro kwa 1983 MTV inkaonetsa oimba akuda mwa apo ndi apo, ikumanena kuti iyo ndi ya chamba cha rock. M'chaka chomwecho woimba wachizungu David Bowie adafunsa poyera muulutsi wa wayilesiyo chifukwa chimene zinthu zidalili chomwecho. Kanema wa "Billie Jean" atayamba kuonetsedwa mu Malichi 1983 mpanda udagumuka, ndipo amene adadutsa pogumukapo adali ambiri. Prince adakhala pamwamba pa zimbale milungu 24 ndi Purple Rain. Tina Turner adafika pa nambala 1 mu 1984 ali ndi zaka 44. Whitney Houston, pakati pa 1985 ndi 1988, adatulutsa nyimbo 7 zotsatizana zimene zonse zidafika pa nambala 1. Luso la anthu otere silidabadwe mu 1983 ayi. Tina Turner adayamba kuimba m'zaka za m'ma 1950. Chimene chidasintha ndi khomo.

Ku sukulu kuja, kavinidwe ka Jackson koyenda chobwerera m'mbuyo ngati munthu akutsetsereka kadafika kudzera mwa mnyamata mmodzi amene adaona kanema kwa amalume ake ku Harare pa tchuthi. Iye adaphunzitsa anzake awiri, awiriwo adaphunzitsa hositelo yonse, ndipo pofika kwa a Fomu 1 kavinidweko kadali katasanduka china chake chimene mwini wake sakadachizindikira. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Nsapato zambiri zidatha zidendene pa simenti ya m'holo ija chaka chimenecho, ndipo makolo kumudzi sadauzidwe chimene chidazidya.

Chinthu china chimene chidasintha kamvekedwe ka zaka khumizo ndi makina. Mu 1980 kampani ya ku Japan ya Roland idatulutsa kabokosi koimba ng'oma kotchedwa TR-808, ndipo mu 1983 kampani ya Yamaha idatulutsa kiyibodi ya DX7, imene inkatha kutsanzira belu, limba, gitala ya besi ndi zitoliro. Marvin Gaye adamanga nyimbo yake yotchuka ya mu 1982 pa ng'oma za kabokosi kaja. Munthu mmodzi m'chipinda chojambulira tsopano akadatha kugwira ntchito ya gulu lathunthu. Ng'oma ya makina siphonya, sitopa, siledzera, ndiponso sipempha malipiro. Koma sidziwanso kuti ovina atenthedwa ndipo akufuna liwiro likwere. Munthu womvera nyimbo za pakati pa 1984 ndi 1988 motsatizana amayamba kumva ngati woimba ng'oma ndi mmodzi, oimba pakamwa okha ndiwo akusinthana.

Chochititsa chidwi n'chakuti makina amenewa adafika pa tsamba la kumanja kudzera njira ya kumwera. Oimba a ku Johannesburg adawatenga, nawaphatikiza ndi kavinidwe ka m'makomboni mwawo, ndipo padabadwa chamba chimene chidatchedwa bubblegum. Brenda Fassie adatchuka mu 1983 ndi "Weekend Special", Yvonne Chaka Chaka adatsatira, kenaka Chicco ndi ena. Makaseti awo ankabwera m'masutikesi a anthu ochokera ku migodi ya ku Joni ndi m'malole onyamula katundu. Pofika kumapeto kwa zaka khumizo mayina amenewa adali atadzaza tsambalo, pamodzi ndi a ku Zaire, dziko limene lero likutchedwa Democratic Republic of Congo: Franco ndi nyimbo yake yaitali ya "Mario" ya mu 1985, Tabu Ley ndi Mbilia Bel, ndi Kanda Bongo Man wa kwasakwasa. Lucky Dube adalowa ndi Slave mu 1987 ndi Prisoner mu 1989. Mwa anthu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene adaonekapo pa Hot 100.

Si kuti dzina la Africa lidasowa pa mndandandawo. Mu Febuluwale 1983 gulu la azungu a ku Los Angeles lotchedwa Toto lidafika pa nambala 1 ndi nyimbo yotchedwa "Africa", imene mlembi wake wamkulu adali asadapondepo phazi pa nthaka ya Africa. Mu Januwale 1985 oimba oposa 40 adasonkhana usiku umodzi kujambula "We Are the World" pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu amene ankafa ndi njala ku Ethiopia. Nyimboyo idakhala pamwamba milungu 4, ndipo ndalama zidapezekadi, chinthu chimene munthu wanzeru sangachinyoze. Komabe Africa wa m'nyimbo ziwirizi adali malo olota ndi malo omvera chisoni. Mawu ake enieni sadamveke. Adayamba kumvekako mu 1986 m'chimbale cha Graceland cha Paul Simon, chimene mbali ina idajambulidwa ku Johannesburg pa nthawi imene mayiko adagwirizana zosala South Africa chifukwa cha tsankho, nkhani imene idautsa mkangano waukulu. M'menemo mudali Ladysmith Black Mambazo, ndiponso gitala ya Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene adaleredwa ndi bambo wochokera ku Malawi. Chimbalecho chidalandira mphotho ya Grammy mu 1987, koma nyimbo yake imene idakwera kwambiri pa Hot 100 idalekera pa nambala 23, ndipo dzina lolembedwa pambali pake lidali la Paul Simon yekha. Wofuna kupeza woimba wakuda wa kumwera kwa Africa pa nambala 1 ayenera kubwerera ku 1968, kwa Hugh Masekela ndi lipenga lake.

Pansi pa tsamba la kumanja pali mayina ena olembedwa ndi inki yosiyana, ngati kuti mwini kope sankadziwa ngati nawonso ayenera kuwerengedwa. Pali Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ndi banjo yake ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Pali Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene gitala yake idakamveka mpaka ku Ulaya, namwalira mu 1987. Pali Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, pali Kalimba, pali Alleluya Band ya ku Balaka. Ambiri mwa oimba a m'dziko ankajambulitsa nyimbo zawo ku MBC, pa matepi amene ankatsala komweko. Kutchuka kwawo kunkayezedwa ndi makalata a omvera opempha nyimbo ndi kupereka moni, ndiponso ndi ana amene ankaziimba popita kudambo. Nyimbo ikapezeka pa kaseti, kasetiyo inkakoperedwa kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo mpaka mawu atazilala, mwini nyimbo osalandirapo ngakhale tambala. Lamulo latsopano loteteza eni luso lidadza mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992, Namoko atatsala ndi zaka zitatu zokha za moyo.

Apa mpamene mndandanda wa ku America, ndi zilema zake zonse, uyenera kupatsidwa ulemu wake. Udasiya mbiri. Munthu akhoza kudziwa lero nyimbo imene idali pa nambala 37 mlungu wachiwiri wa Juni 1984, ndi kumene idali mlungu wotsatira. Nyimbo imene idagwedeza Ndirande kapena Kawale mlungu womwewo ilibe pepala loichitira umboni, kupatula makope ngati amenewa ndi mitu ya anthu amene akukalamba. Mdzukulu wa aphunzitsi aja, mtsikana wa Fomu 3, adapemphedwa tsiku lina kuti afufuze pa foni yake nyimbo ina ya pansi pa tsambalo. Adafufuza mpaka kutopa.

"Agogo, ngati idali yotchuka monga mukunenera, bwanji palibe?"

"Fufuza ya Toto tione," adatero agogowo.

Ya Toto idapezeka m'kuphethira kwa diso.

Ku America komweko mbale yoyezera idali yokhomedwa kunsi. Chamba cha rap chidabadwira m'makwalala a Bronx mu mzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, ndipo "Rapper's Delight" idafika pa nambala 36 kumayambiriro kwa 1980. Kwa zaka khumi achinyamata ankagula makaseti a rap, koma pamwamba penipeni pa Hot 100 sipankafikika. Run-DMC idafika pa nambala 4 mu 1986 itagwirana manja ndi gulu la rock la Aerosmith. Chimbale choyamba cha rap kufika pa nambala 1 chidali cha Beastie Boys mu 1987, ndipo nyimbo yoyamba ya rap yokhayokha kutero idali ya Vanilla Ice mu Novembala 1990. Beastie Boys ndi Vanilla Ice onse adali azungu, m'chamba chimene adachiyambitsa ndi anthu akuda. Nyumba zambiri zoulutsira mawu sizinkafuna rap, ndipo woyankha lamya m'sitolo ankatha kutchula zimene iye ankaziona zoyenera, kapena zimene makampani a nyimbo ankamunyengerera kuti atchule. Mu 1986 wayilesi yakanema ya NBC idaulutsa nkhani yoneneza anthu ena otumidwa ndi makampaniwo kuti ankapereka ziphuphu pofuna kuti nyimbo ziziulutsidwa.

Ulamuliro wa diso udafika pachimake, ndiponso pamanyazi, ndi anyamata awiri okhala ku Munich m'dziko la Germany otchedwa Milli Vanilli. Adali ooneka bwino, odziwa kuvina, a tsitsi lalitali lolukidwa. Mu 1989 adafika pa nambala 1 katatu, ndipo mu Febuluwale 1990 adalandira Grammy ya oimba atsopano opambana. Mu Novembala chaka chomwecho mwini gululo, Frank Farian, adaulula kuti awiriwo sadaimbe pa chimbale chawo. Ankangogwedeza milomo, mawu ali a anthu ena obisika. Mphotho idalandidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Farian yemweyo ndiye adali mwini Boney M, gulu limene lidavinidwa pa maukwati osawerengeka m'Malawi, ndipo m'nyimbo zake zambiri mawu aamuna adali a Farian mwini, osati a bambo wovina uja wa pa chikuto cha mbale. Amene ankamva ndi khutu lokha sadanamizidwe kwenikweni, popeza adakonda mawu ndipo mawuwo adalipodi. Odandaula adali amene adagula nkhope.

Mbale yoyezera idasinthidwa mu 1991. Kuyambira pa 25 Meyi chaka chimenecho Billboard idayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa SoundScan, imene inkawerenga chimbale chilichonse pa makina olipirira m'sitolo, kudzera pa timizere takuda ta pa chikuto. Pa 30 Novembala Hot 100 nayo idatsata, ndipo makompyuta adayamba kumvetsera okha nyimbo zimene zikuulutsidwa. Zotsatira zake zidadzidzimutsa eni makampani. Mu Juni gulu la rap la N.W.A, limene nyimbo zake wayilesi zambiri sizinkayerekeza kuziulutsa, lidakwera pa nambala 1 pa zimbale. Mu Seputembala woimba country Garth Brooks adayambira pa nambala 1 penipeni mlungu woyamba, chinthu chimene woimba wa chamba chake adali asadachitepo, nakhalapo milungu 18 yonse pamodzi. Mu Januwale 1992 gulu la rock la Nirvana lidachotsa Michael Jackson pampando.

Anthu a ku America sadasinthe makutu m'miyezi isanu ndi itatu. A m'midzi ndi a m'makwalala adali akugula nyimbo zawo nthawi yonseyi, kungoti woyeza sankaziyeza bwino. Choncho tsamba lonse la kumanzere, limene mnyamata uja ankalikopera mosamala pa kuwala kwa tochi, liyenera kuwerengedwa ndi diso lokayika pang'ono. Thriller adagulidwadi, palibe angatsutse. Koma cha pakatikati, pakati pa nambala 20 ndi 60, ndi angati adakwezedwa ndi lamya, ndipo ndi angati adakanikizidwa nayo? Chisankho chimene mnyamatayo ankachisirira chidali nawo akalambula bwalo ake.

Nthawi nayo ili ndi kayezedwe kake, kosafulumira. Bob Marley, amene adaimba pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980 namwalira mu Meyi 1981, sadalowepo m'gulu la nyimbo 40 zapamwamba za Hot 100 ali moyo. Adalekera pa nambala 51. Chimbale cha Legend, chosonkhanitsa nyimbo zake, chitatuluka mu 1984 chidalekera pa nambala 54. Chimbale chomwecho chakhala pa mndandanda wa zimbale milungu yoposa 800 tsopano. Mayi wa ku Britain, Kate Bush, adalekera pa nambala 30 mu 1985 ndi "Running Up That Hill". Mu 2022, patapita zaka 37, nyimboyo itamveka m'sewero la pa kanema la Stranger Things, ana amene adali asadabadwe pamene inkatuluka adaikweza mpaka pa nambala 3.

Izi zidatheka chifukwa mbale idasinthidwanso: masiku ano Billboard imawerenga ndi nyimbo zimene anthu akumvera pa intaneti. Ndi kayezedwe kameneka Rema wa ku Nigeria adafika pa nambala 3 mu 2023, ndipo Tyla wa ku Johannesburg adafika pa nambala 7 mu 2024. Kuyambira mu 2020 palinso mndandanda wina wotchedwa Global 200, woyeza dziko lonse lapansi. Umenewo umaona nyimbo yomveredwa kapena yogulidwa kudzera m'makampani odziwika a pa intaneti. Nyimbo yokoperedwa pa memori khadi m'kanyumba ka pamsika, yotumizirana pa WhatsApp, yolira tsiku lonse m'minibasi ya pakati pa Limbe ndi Blantyre mpaka kondakitala ataiwala chenji, makompyuta ake saiona.